Kodi zolembera zokhala ndi kachidutswa ka mwala wa m'mlengalenga n'zoyenera mtengo wake?

Wofunsa

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za miyala ya m'mlengalenga, komanso kwa inu amene mumadziwa kapangidwe ka zolembera. Pa Kickstarter ndi pa Indiegogo, masamba a pa intaneti osonkherapo ndalama, pamatuluka kawirikawiri anthu opempha kuti tiwasonkhere ndalama zoti apangire zolembera zokhala ndi kachidutswa ka meteorite, mwala umene unagwa pansi kuchokera m'mlengalenga. Ena amaika kachidutswako pamutu pa cholembera n'kukavindikira ndi kagalasi, ena amasakaniza fumbi la mwalawo m'thupi lonse la cholembera, ndipo pafupifupi onse amalonjeza zofanana, zoti mudzagwira m'dzanja chinthu chakale kuposa mapiri ndi nyanja, chimene palibe wina anachipangapo.

Pali chimodzi chimene chandikopa, koma mtengo wake ukuposa kangapo mtengo wa cholembera chabwino chachitsulo chimene chilibe mwala uliwonse. Ndisanaponye ndalama zanga, ndikufuna kudziwa ngati kachidutswa kotere kalidi kamtengo wapatali moti n'kukweza mtengo chomwechi, ngati ganizoli lili latsopanodi monga eni ake akunenera, ndiponso njira imene munthu wamba angadziwire kuti chimene wapatsidwa ndi meteorite yeniyeni osati kachitsulo kotoledwa kwa wowotcherera.

Wosunga Miyala

Funso lanu ndi labwino, ndipo ndiyamba ndi mbali ya mtengo chifukwa ndi pamene anthu ambiri amanyengedwa ndi maganizo awo omwe, wogulitsa asananame n'komwe. Tikamva kuti mwala unachokera m'mlengalenga timaganiza kuti ndi wosowa kwambiri, koma mitundu imene imalowa m'zinthu zokongoletsera ndi ija imene inagwa yambirimbiri. Ku Campo del Cielo, kumpoto kwa Argentina, kumene anthu a ku Spain analemba za chitsulo chimenechi m'chaka cha 1576 atamva kwa eni dera, kwafukulidwa matani oposa 100. Ku Sikhote-Alin, kum'mawa kwa Russia, chitsulo chimene chinagwa pa 12 February 1947 chinamwazika n'kutoledwa matani oposa 20. Onjezerani Muonionalusta wa kumpoto kwa Sweden, amene chidutswa chake choyamba chinapezeka mu 1906, Gibeon wa ku Namibia, ndi miyala yosawerengeka yotoledwa m'chipululu cha Sahara imene imagulitsidwa ndi dzina la NWA (chidule cha Northwest Africa, kumpoto chakumadzulo kwa Africa), ndipo muona kuti msika uli ndi katundu wokwanira. Mitundu wamba imeneyi imagulitsidwa pa galamu, ndipo galamu imodzi ya Campo del Cielo imagulidwa ndi madola ochepa chabe.

Tsopano tiyeni tiwerengere. Chitsulo cha meteorite chimalemera magalamu pafupifupi 8 pa kabokosi kotalika sentimita imodzi mbali zonse. Kachidutswa ka mamilimita 2 mbali zonse, kamene n'kokwanira kuoneka bwino pansi pa kagalasi, kamalemera magalamu pafupifupi 0.06, kutanthauza kuti galamu imodzi yokha ingakwanire zolembera zoposa khumi. Ngati wopangayo wagula mwalawo wambiri nthawi imodzi, mtengo wa kachidutswa kolowa m'cholembera chimodzi sufika ngakhale dola imodzi. Za fumbi ndiye zotchipa koposa, chifukwa fumbilo ndi zotsalira zimene zimagwa pamene akucheka mwala ndi sowo, zimene ocheka akanatha kungozitaya. Choncho pamene mukuona mtengo wokwera, dziwani kuti mukulipira ntchito ya wopanga, zithunzi zokongola zimene wajambulitsa, ndi nkhani imene akukusimbirani. Mwalawo gawo lake ndi laling'ono zedi.

Ilipo miyala yamtengo wapatali ndithu, monga yochokera ku Mars ndi ku mwezi, kapena mtundu wa pallasite umene uli ndi timiyala tobiriwira ta olivine mkati mwa chitsulo. Koma wopanga zolembera akanena kuti waika mwala wa ku Mars, kawirikawiri amakhala waika kanjere kochepa kwambiri kolemera mamiligalamu owerengeka, moti kawerengedwe kathu kaja sikasintha kwenikweni.

Chimene chimapatsa meteorite yachitsulo ulemerero wake ndi mizere yopingasana imene imaoneka mukaicheka, kuisalaza ndi kuipaka asidi wochepa mphamvu. Mizere imeneyi imatchedwa ndi dzina la Widmanstätten, amene anaiona ku Vienna mu 1808, ngakhale William Thomson anali ataifotokoza kale mu 1804. Imapangika chifukwa chitsulo ndi nickel (mtundu wina wa chitsulo) zinazirala pang'onopang'ono kwambiri mkati mwa asteroid, chimwala chachikulu chozungulira dzuwa, kwa zaka mamiliyoni ambiri, mpaka zinagawikana m'mitundu iwiri, kamacite ndi taenite. Palibe ng'anjo ya munthu imene ingadikire nthawi yotalika chonchi, n'chifukwa chake mizereyi ndi umboni wamphamvu. Pa Gibeon ndi Muonionalusta mizereyi ndi yopyapyala, yosafika theka la milimita, motero imaoneka ngakhale pa kachidutswa kakang'ono. Pa Campo del Cielo ndi yotakata mamilimita angapo, ndipo kachidutswa kakang'ono sikaonetsa kanthu. Fumbi losakanizidwa mu utomoni silionetsa chilichonse mpang'ono pomwe, ndipo ine sindiliwerengera, chifukwa ngakhale litakhala lenileni, chinthu chokhacho chimene chinali chosiririka chaperedwa n'kutha.

Msema Zolembera

Ine ndimasema zolembera pa makina ozunguza monga ntchito ya apo ndi apo, ndiye ndikufuna kuwonjezera pa zimene a Wosunga Miyala anena poyang'ana cholembera chenichenicho, chifukwa pa mapeto pake mudzafuna kulembera, osati kungochiyang'ana.

Anthu ambiri sadziwa kuti zigawo za zolembera zimagulitsidwa zopangiratu. Munthu amagula paketi yokhala ndi nsonga, timachubu tamkuwa tamkati, chopanira pathumba, sipuling'i ndi kachubu ka inki, ndipo ntchito yake imangotsala yosema thupi lakunja kuchokera ku kamtengo kapena ku utomoni wouma. Mu utomoni umenewo anthu akhala akuikamo chilichonse chimene angaganize: nthenga, mchenga, zigoba za nkhono, tizigawo ta mawotchi akale, masitampa. Kuthiramo fumbi la meteorite ndi njira yomweyo, ndipo sikufuna luso lina loposa limene wosema aliyense ali nalo. Mukayang'anitsitsa zithunzi za pa tsamba losonkherapo ndalama, onani maonekedwe a chopanira ndi a mphete yapakati, kenako mufufuze mapaketi a zigawo za zolembera pa intaneti. Mukazipeza zofanana ndendende, mwadziwa kuti wopangayo sanajambule yekha cholemberacho. Zimenezi si mlandu, koma si chifukwanso chomusonkhera ndalama ngati kuti watulukira chinthu.

Vuto limene limandidetsa nkhawa kwambiri ndi dzimbiri. Meteorite yachitsulo ndi chitsulo chosakanikirana ndi nickel basi, ilibe chromium wochuluka monga chitsulo chosachita dzimbiri, ndipo zidutswa zimene zinakhala m'nthaka zaka zikwi zambiri zinamwa mchere wa chloride umene umapitiriza kudya chitsulocho kuchokera mkati. Campo del Cielo ndi Muonionalusta amadziwika ndi khalidwe limeneli, pamene Gibeon amapirira bwinoko. Ndinaonapo mphete ya meteorite yozungulira pogwirira pa cholembera imene poyamba inali yotuwa, mizere yake ikunyezimira munthu akaitembenuza pa kuwala. Patapita nthawi m'mphepete mwake munayamba timadontho tofiirira totsatira mizere ija, vanishi anatukuka ngati chithuza, ndipo pa chala cha mwini wake pankatsala utoto wofiirira akalemba kwa nthawi yaitali. Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa: thukuta la m'manja lili ndi madzi ndi mchere, ndipo cholembera chimakhala m'manja tsiku lonse. Opanga mawotchi monga Rolex ndi Omega amaika meteorite pa nkhope ya wotchi, pansi pa galasi lotsekedwa bwino, kumene chala sichifika. Choncho funsani wopangayo kuti mwalawo wautchinjiriza ndi chiyani, ndipo ngati uli poyera pamene zala zimagwira, kumbukiraninso kuti nickel amatulutsa ziwengo pa khungu la anthu ena.

Funsaninso mtundu wa kachubu ka inki. Ngati cholembera chimalandira kachubu kofala, monga ka mtundu wa Parker kamene makampani ambiri amapanga, mudzachigwiritsa ntchito zaka zambiri. Ngati chimafuna kachubu kapadera kopangidwa ndi mwini wake yekha, tsiku limene adzaleke malonda cholembera chanunso chidzaleka kulemba. Yang'ananinso kulemera kwake, chifukwa chitsulo choikidwa kumutu chimakokera cholembera kumbuyo ndipo dzanja limatopa msanga.

Wokonda Nyenyezi

Ndikuvomereza mawerengero onse aperekedwa, koma ndikuona kuti tikuuma mtima pang'ono. Kunena kuti ganizoli ndi latsopano ndi bodza ndithu, chifukwa anthu anayamba kalekale kupanga zinthu ndi chitsulo chakugwa kumwamba. Mikanda yopezeka m'manda a ku Gerzeh ku Egypt, ya zaka za m'ma 3200 Khristu asanabadwe, inasulidwa kuchokera ku meteorite, anthu asanadziwe kuyenga chitsulo kuchokera m'miyala ya pansi. Mpeni umene Howard Carter anaupeza pa mtembo wa Tutankhamun, mfumu yakale ya ku Egypt, mu 1925 unayezedwa mu 2016 ndipo unapezeka ndi nickel wochuluka wosonyeza kuti chitsulo chake n'cha m'mlengalenga. Anthu a mtundu wa Inuit ku Greenland ankasula mipeni ndi nsonga za mikondo kuchokera ku chitsulo cha Cape York, ndipo mfumu Jahangir ya ku India inalamula kuti aisulire zida kuchokera ku mwala umene unagwa mu 1621. Ngakhale kugwirizanitsa cholembera ndi mlengalenga si kwachilendo, popeza cholembera cha Paul Fisher, chimene inki yake imakankhidwa ndi mpweya wa nitrogen kuti chizilemba ngakhale kumene zinthu zilibe kulemera, chinayamba kugwiritsidwa ntchito ndi NASA, bungwe la ku America loona za mlengalenga, pa ulendo wa Apollo 7 mu 1968. Chimenecho ndiye chinali chatsopano zenizeni, chifukwa chinathetsa vuto limene linalipo.

Koma mbiri yomweyi ikutiuza kuti chilakolako chogwira chinthu chochokera kumwamba si uchitsiru wa masiku ano. Ndipo mawu aja akuti mwalawo ndi wakale kuposa mapiri ndi oona: meteorite zambiri zili ndi zaka zoposa mabiliyoni 4.5, pamene miyala yakale kwambiri yopezeka pa dziko lapansi, monga ya Acasta ku Canada, ili ndi zaka pafupifupi mabiliyoni 4. Ngati mphunzitsi atulutsa cholembera chotere m'kalasi, ana n'kuyamba kufunsa kuti asteroid n'chiyani, kapena ngati munthu wokonda zakuthambo alandira mphatso imene imamusangalatsa nthawi iliyonse akasaina kalata, sindingamuuze kuti wataya ndalama chifukwa choti kachidutswako n'kotchipa. Inki ya pa chithunzi chojambulidwa ndi katswiri nayonso ndi yotchipa. Chimene ndimakana n'chakuti wogulitsa azinena kuti cholemberacho chidzakwera mtengo m'tsogolo, chifukwa osunga miyala amafuna chidutswa chathunthu chokhala ndi dzina ndi kulemera kodziwika, osati chomatidwa m'cholembera.

Wofunsa

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso makamaka pa nkhani ya dzimbiri ndi ya zigawo zogulidwa zopangiratu. Ndabwereranso pa tsamba lija kukawerenga mofatsa, ndipo ndapeza kuti akungonena kuti ndi meteorite yeniyeni ndi kuti cholembera chilichonse chidzabwera ndi chiphaso chotsimikizira, koma sakutchula dzina la mwalawo, kumene unagwa kapena amene anawagulitsa. Kodi chiphaso choterechi n'chokwanira? Komanso, ngati ndasonkha ndalama ndipo cholembera chabwera chosiyana ndi cha pa chithunzi, kapena sichinabwere n'komwe, ndingadandaule kwa yani?

Wosunga Miyala

Chiphaso chimene wogulitsa wadzilembera yekha ndi pepala chabe, ndipo mphamvu yake ndi yofanana ndi kukhulupirika kwa amene wasainayo. Meteorite iliyonse yovomerezeka ili ndi dzina, kawirikawiri la malo amene inapezeka, ndipo maina amenewa amavomerezedwa ndi bungwe la Meteoritical Society n'kulembedwa mu Meteoritical Bulletin Database, imene aliyense angathe kuiona pa intaneti kwaulere. M'menemo mupeza mtundu wa mwalawo, chaka chimene unapezeka ndi kulemera kwa zimene zinatoledwa. Wopanga woona mtima savutika kulemba kuti ndi Muonionalusta kapena Sikhote-Alin, kuti kachidutswa kalikonse kalemera mwakuti, ndi kuti anagula kwa wamalonda wakutiwakuti. Ambiri mwa amalonda odalirika ndi mamembala a International Meteorite Collectors Association ndipo ali ndi nambala imene mungaitsimikize. Lembani funso limeneli poyera pa tsamba lawolo kuti osonkha anzanu aone yankho. Akazemba, kapena akayankha ndi mawu okometsera okhaokha, chimenecho chikhale chokwanira kukuuzani zoyenera kuchita.

Dzinalo ndi lofunika pa chifukwa chinanso, chimene ndi malamulo. Dziko la Namibia limateteza meteorite zake pansi pa lamulo la chuma cha makolo la 2004, ndipo kutulutsa Gibeon m'dzikomo popanda chilolezo n'koletsedwa, moti amene ali pa msika movomerezeka ndi amene anatuluka kale. Argentina nayonso inakhazikitsa lamulo mu 2007 loika meteorite m'gulu la chuma chotetezedwa. Wopanga amene akulonjeza zolembera zikwi zingapo za Gibeon ayenera kukhala wokonzeka kufotokoza kumene wautenga.

Za kuyeza nokha kunyumba musadalire kwambiri. Maginito amakoka meteorite yachitsulo, koma amakokanso msomali. Ulipo mankhwala oyezera nickel amene amasanduka ofiirira akakhudza chitsulo chokhala naye, koma zitsulo zambiri zopangidwa ndi anthu zilinso ndi nickel, ndipo simungafikire kachidutswa kotsekeredwa mu utomoni popanda kuswa cholembera. Ngakhale mizere ija ena amaitsanzira poijambula ndi makina pa chitsulo wamba. Yeniyeni imasintha kunyezimira mukaitembenuza, gawo lina likuwala pamene lina likuda, ndipo sibwereza maonekedwe ofanana pa zidutswa ziwiri. Mukaona zolembera ziwiri pa chithunzi zili ndi mizere yofanana ndendende, kayikirani.

Wowerengera Ndalama

Ndiyankhe mbali yachiwiri ya funso lanu, popeza ndakhala ndikusonkhera ntchito zosiyanasiyana pa masamba amenewa. Choyamba kumvetsa n'chakuti simukugula katundu m'sitolo. Kickstarter, imene inayamba mu 2009, imanena yokha momveka kuti si sitolo, ndipo pangano limakhala pakati pa inu ndi wopangayo. Kampaniyo imatenga 5 peresenti ya ndalama zosonkhedwa, ndipo pamachotsedwanso 3 mpaka 5 peresenti yolipirira kayendetsedwe ka ndalama, koma sibweza ndalama zanu wopanga akalephera. Ubwino wake ndi wakuti ndalama zimachotsedwa pokhapokha ngati chiwerengero chimene wopanga anapempha chakwana. Indiegogo, imene inayamba mu 2008, inadziwika ndi njira ina imene inkalola wopanga kutenga ndalama ngakhale zisanakwane, motero werengani bwino kuti ntchito imene mukuiyang'anayo ikutsata njira iti.

Kafukufuku wa Ethan Mollick wa ku University of Pennsylvania, wofalitsidwa mu 2015, anapeza kuti pafupifupi ntchito 9 mwa 100 zilizonse za pa Kickstarter sizinapereke zimene zinalonjeza. Kafukufuku wake wina wam'mbuyo anasonyeza kuti zoposa magawo atatu mwa anayi a ntchito zopanga katundu zinapereka mochedwa. Kuchedwa kumeneku nthawi zambiri sikuchokera ku kuba koma ku kupambana kopitirira muyeso. Cholembera cha Pen Type-A, chimene chinapempha madola 2,500 mu 2011, chinasonkheredwa madola oposa 280,000, ndipo opanga ake anapezeka ndi ntchito yopanga zikwi za zolembera pamene anakonzekera zochepa, moti osonkha anadikira nthawi yaitali kuposa imene analonjezedwa. Pa zolembera za meteorite vuto lotere lingakule, chifukwa kucheka, kupaka asidi ndi kutchinjiriza tizidutswa zikwizikwi ndi ntchito ya manja yochedwa, ndipo wopanga wothinidwa ndi nthawi amayesedwa kusiya kachidutswa kooneka n'kuthira fumbi.

Funso limene ndimadzifunsa pa ntchito iliyonse ndi lakuti, kodi ndalama zathu akuzifuniranji? Wopanga amene wajambula yekha thupi la cholembera ndipo akufuna ndalama zolipirira makina odulira chitsulo ndi zikombole ali ndi chifukwa chomveka. Amene akungolumikiza zigawo zogulidwa n'kumatapo kamwala sakufunika kusonkheredwa, akungogwiritsa ntchito tsambalo ngati malo otsatsira malonda, ndi kusamutsira chiopsezo chonse kwa inu. Onani ngati anachitapo ntchito ina m'mbuyomu, muwerenge ndemanga za osonkha akale makamaka za miyezi imene katundu ankayenera kufika, ndipo muone ngati zithunzi zikuonetsa cholembera chenicheni m'dzanja la munthu kapena ndi zojambula za pa kompyuta zokha. Muwerengerenso ndalama zotumizira ndi msonkho wa pa malire, chifukwa kawirikawiri sizikhala m'mtengo umene waikidwa pamwamba.

Pali njira ina imene mungaiganizire ngati mayankho awo sakukukhutiritsani. Ndalama zomwezo mukhoza kuzigawa pawiri, n'kugula cholembera chabwino chimene chili kale pa msika, chimene mungabweze chikakhala ndi vuto, ndi kagawo kocheka ka Muonionalusta kapena ka Seymchan kolemera magalamu angapo kuchokera kwa wamalonda wodziwika, kokhala ndi dzina ndi kulemera kwake kolembedwa. Kagawo kotere ndi kakakulu mokwanira kuti mizere ioneke ndi maso, ndipo mukakasunga m'kabokosi kotseka pamodzi ndi kapaketi ka silica koyamwa chinyezi, dzimbiri silikafulumira. Ngati mtima wanu uli pa cholembera chenichenicho, dikirani kaye kuti ayankhe za dzina la mwalawo, za chotchinjiriza dzimbiri ndi za kachubu ka inki, popeza pa Kickstarter mungathe kusintha kapena kuchotsa lonjezo lanu nthawi yosonkha isanathe.